Kodi mumadziwa? Za timagalimoto ta mawaya ndi ta m'bokosi

Kodi mumadziwa kuti kagalimoto ka mawaya kamene mwana amathamanga nako m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, kapena kuseri kwa msika wa Mitundu, kali ndi abale ake ku Japan, ku Britain ndi ku America? Kumeneko munthu amagula bokosi. Akalitsekula amapezamo tizidutswa tapulasitiki, nthawi zina topitirira 100, pamodzi ndi pepala lomuuza kuti ichi chilowe apa, icho chilowe apo. Amadula, kupala, kumata ndi kupenta kwa masabata angapo mpaka kagalimoto katuluke kofanana ndendende ndi galimoto yeniyeni. Ambiri mwa ochita zimenezi ndi akuluakulu a ndevu zawo, ena a imvi kumutu. Kuno kwathu mwana akangoyamba kusintha mawu timamuuza kuti asiye zachibwana, ndipo waya uja amathera pomangira khola la nkhunda. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa mwana wathu alibe bokosi, alibe pepala la malangizo, komabe galimoto yake imayenda ndipo imakhota.

Kodi mumadziwa kuti ana a ku America akhala akuwerenga za kagalimoto kathu ka mawaya kwa zaka zoposa 30? Mu 1990 kunatuluka buku la ana lotchedwa Galimoto, limene analemba Karen Lynn Williams, zithunzi zake n'kujambula Catherine Stock. Mayi Williams anakhala m'Malawi muno chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ngati wogwira ntchito yodzipereka wa Peace Corps. Nkhani yake ndi ya kamnyamata kotchedwa Kondi kamene kamazungulira mudzi tsiku lonse kufunafuna mawaya. Bukuli linafika mpaka pa pulogalamu ya ana ya pa wailesi yakanema ya Reading Rainbow. Kodi pa sukulu ya kwanu lilipo?

Kodi mumadziwa tanthauzo la manambala ngati 1:24 amene amalembedwa pa mabokosi aja? Amatanthauza kuti sentimita imodzi pa kagalimoto ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Toyota Hilux ya zitseko zinayi, ngati zimene mabungwe amayendera m'midzi, ndi yaitali pafupifupi mamita 5.3. Mukaichepetsa pa 1:24 imakhala ya masentimita 22. Pa 1:43 imakhala ya masentimita 12, ndipo pa 1:64 imatsala ya masentimita 8 okha, yoti mwana n'kuibisa m'thumba la kabudula.

Manambala amenewa sanangochokera m'mutu mwa munthu. Muyeso wa 1:24 unabwera chifukwa cha mainchi ndi mafiti: theka la inchi kuimira fiti imodzi. Wa 1:43 unachokera ku masitima a zidole a ku Britain, pakuti timagalimoto ta Dinky Toys, timene kampani ya Meccano ya ku Liverpool inayamba kugulitsa mu 1934, poyamba tinali tokongoletsera m'mbali mwa njanji za masitimawo.

Tsono imvani izi. Tayala la Hilux ndi lotalika pafupifupi masentimita 78 kuchokera pansi kufika pamwamba. Mukagawa ndi 24 mupeza masentimita atatu ndi pang'ono, ndipo kumeneko ndiye kukula kwa chitsekerero cha botolo la Fanta. Ndiye kuti mwana wa ku Mitundu amene wakhomera zitsekerero pa kagalimoto kotalika ngati chikhatho chotambasula cha munthu wamkulu wagwira muyeso umene makampani a ku Japan amagwiritsa ntchito, asanauphunzire n'komwe m'kalasi. Akasankha chitini cha polishi wa nsapato, chimene chimakhala cha masentimita pafupifupi 7, muyeso wake umafika cha pa 1:11, ndipo galimoto yoyenera matayala amenewo iyenera kutalika pafupifupi theka la mita. Kayang'aneni magalimoto a ana odziwa kupinda, mudzapeza kuti ambiri ali cha pompo. Diso lawo limakana lokha tayala lalikulu pa thupi laling'ono. Aphunzitsi a masamu, phunziro la kugawa ndi kuyerekeza miyeso likuyendayenda pabwalo la sukulu yanu nthawi yopuma.

Chitsekerero chomwecho chili ndi mbiri yake: anachitulukira ndi William Painter wa ku Baltimore mu 1892, ndipo cha masiku ano chimakhala ndi mano 21. Werengani nokha.

Kodi mumadziwa kuti kagalimoto kakachepa ka 24 m'litali, kulemera kwake sikuchepa ka 24 ayi? Kumachepa m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba momwe, ndiye 24 kuchulukitsa ndi 24 kuchulukitsanso ndi 24, zimene zikupereka 13,824. Hilux ya matani awiri ikanati ichepetsedwe ndi zitsulo zake zonse, ikanalemera magalamu pafupifupi 145 basi. Liwiro nalo limawerengedwa motsatira muyeso: mwana wothamanga makilomita 10 pa ola ndi galimoto ya matayala a polishi, kwa kagalimotoko ndiye kuti kali pa 110.

Kodi mumadziwa kuti Matchbox inayamba chifukwa cha lamulo la pa sukulu? Jack Odell, wa kampani ya Lesney ku London, anali ndi mwana wamkazi amene sukulu yake inkalola ana kubwera ndi chidole chokhacho chimene chingakwane m'bokosi la machesi. Bamboyo anamupangira kamakina kosalazira msewu kakang'ono zedi. Anzake a mwanayo atakaona anakafunanso, ndipo mu 1953 kampaniyo inayamba kugulitsa timagalimoto m'timabokosi tofanana ndi ta machesi. Hot Wheels ya kampani ya Mattel inabwera pambuyo pake, mu 1968, ndi mitundu 16. Koma izi ndi zogula zopangidwa kale, zachitsulo chosungunula. Munthu samangapo chilichonse.

Kodi mumadziwa kuti chinthu choyamba chomanga wekha chimene kampani yotchuka ya Airfix inatulutsa chinali thirakitala? Alimi a ku Mitundu ndi ophunzira a ku Bunda, iyi ndi yanu. Airfix anaiyambitsa ndi Nicholas Kove, wochokera ku Hungary, mu 1939, ndipo kwa kanthawi inkadziwika ndi zipeso zapulasitiki. Mu 1949 Harry Ferguson anaipempha kuti ipange kathirakitala kakang'ono ka Ferguson TE20 koti amalonda ake azionetsa alimi. Kulumikiza tizidutswa ku fakitale kunkadya ndalama, choncho anayamba kungotigulitsa tosalumikiza, wogula akamalize yekha kunyumba. M'zaka za m'ma 1950 anatulutsa chombo cha Golden Hind ndi ndege ya Spitfire, ndipo kuchokera apo sanabwererenso m'mbuyo. Thirakitala yeniyeni ya TE20, yotuwa ija, inkapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo anapanga zoposa theka la miliyoni.

Kodi mumadziwa kuti Tamiya, imene omanga timagalimoto amailemekeza kwambiri, inayamba ndi macheka a matabwa? Yoshio Tamiya anaitsegula mu 1946 mumzinda wa Shizuoka ku Japan. Anayamba ndi kucheka matabwa, kenaka kupanga tizombo ndi tindege tamatabwa, ndipo za pulasitiki analowamo cha m'ma 1960. Mwana wake, Shunsaku Tamiya, ndiye anaikweza. M'zaka za m'ma 1970, pofuna kupanga kagalimoto kampikisano ka Porsche 934 pa muyeso wa 1:12, anagula Porsche 911 yeniyeni, antchito ake n'kuimasula yonse kuti ayeze chitsulo chilichonse. Ataimasula zinawakanika kuibwezeretsa, mpaka anachita kuitana amakaniko a Porsche. Kagalimotoko kanatuluka mu 1976. Mpaka lero Shizuoka ndiye likulu la ntchitoyi ku Japan: makampani a Aoshima, Hasegawa ndi Fujimi ali m'chigawo chomwecho, ndipo mwezi wa Meyi kumachitika chionetsero chachikulu.

Mwana wa pa Nathenje alibe ndalama yogulira lole kuti aimasule. Amadikira iime pa siteji, n'kugwada, n'kusuzumira kunsi kwake pamene dalaivala akudya chipisi. Akawerenga matayala, akaona mmene masipuling'i akhalira, akaona pamene thanki ya dizilo yapachikidwa, amanyamuka nazo m'mutu. Ndi kafukufuku yemweyo wa a Tamiya, kungoti uyu amamuthamangitsa.

Kodi mumadziwa kuti mbali yovuta kwambiri pa galimoto ya mawaya ndi chiwongolero? Thupi aliyense angapinde. Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wophunzira ndi kutsogolo. Wophunzira amaika matayala awiri akutsogolo pa waya mmodzi wozungulira pa msomali wapakati, ndipo galimoto yotere ikakhota kwambiri imagubuduka. Katswiri amapatsa tayala lililonse kamkono kakekake, n'kulumikiza timikono tiwirito ndi waya wopingasa, kenaka waya wautali wa chiwongolero amaukoletsa pamenepo. Akapotoza m'manja, matayala onse awiri amatembenuka thupi lili chilili. Njira imeneyi ndi imene ili m'galimoto zenizeni. Anaiganiza ndi mmisiri wa ngolo za akavalo wa ku Munich, Georg Lankensperger, ndipo Rudolph Ackermann anailembetsa ku England mu 1818, n'chifukwa chake amakaniko amaitchula ndi dzina la Ackermann. Chinsinsi chake n'chakuti pokhota, tayala la mkati limayenda kanjira kafupi kuposa la kunja, choncho liyenera kutembenuka mopitirira linzake. Timikono tija tikapendekera mkati pang'ono, zimenezi zimachitika zokha.

Zida zake ndi zomwe mukuzidziwa. Waya wokhuthala ndi wa chasisi, woonda ndi womangira m'mfundo, ndipo akasowa, malegeni odula ku chubu cha njinga amagwira ntchito yomweyo. Sipoko ya njinga ndiyo yabwino pa mtanda wa matayala chifukwa ndi yowongoka ndipo sipindika wamba. Mitundu ndi dera la njinga ndi ngolo, kotero pamene pali wokonza njinga pamakhalanso ana odikira sipoko yothyoka. Matayala ena amawadula ku silipasi yakutha, ena amaphatikiza zitini ziwiri n'kuzikulunga ndi mphira kuti zisachite phokoso, pomwe ena amafuna phokosolo. Wopanda pulayala amapindira pa mwala, ndipo podula amagwedeza waya pamalo amodzi mpaka atenthe n'kuduka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha makolo kuti muletse: kuotcha matayala akale kuti mwana achotsemo waya wa m'mphepete. Utsi wakuda uja ndi poizoni m'mapapo. Waya wa magetsi, ngakhale wogwa pansi, asamukhudze n'komwe. Ndipo mpanda wa dimba la mwini si mgodi wa mawaya. Wowotcherera zitsulo pa tauni akamasunga zodukaduka m'chitini n'kumapatsa ana, milandu yambiri ya kwa amfumu ingachepe.

Kodi mumadziwa kuti makampani akuluakulu a magalimoto amaumba dongo asanapange galimoto yatsopano? Amene anazikhazikitsa ndi Harley Earl, yemwe anayamba kutsogolera nthambi yokonza maonekedwe a magalimoto ku General Motors mu 1927. Ngakhale lero kuli makompyuta amphamvu, amaumbabe galimoto yathunthu, yaikulu ngati yeniyeni, ndi dongo lapadera lofewa likatenthedwa, n'kumaipala ndi manja kuti aone mmene kuwala kukugwera pa thupi lake. Abusa a mbuzi ndi ng'ombe m'madambo a kuno, amene amaumba ng'ombe ndi ngolo zake ndi dongo la kumtsinje, ali pa chiyambi cha njira yomweyo. Chimodzimodzinso amene amasenda phesi la chimanga, n'kutenga mtima wake wofewa uja ndi timakungwa take kulumikiza basi yathunthu popanda msomali ngakhale umodzi.

Kodi mumadziwa kuti kampani ina inkasaka akatswiri ake kudzera m'timagalimoto ta ana? Kuyambira 1930 mpaka 1968 General Motors inkachititsa mpikisano wotchedwa Fisher Body Craftsman's Guild. Poyamba anyamata ankapanga ngolo yachifumu yaing'ono, kenaka anayamba kupanga magalimoto a m'maganizo mwawo pa muyeso wa 1:12, ambiri ndi matabwa. Opambana ankalipiridwa sukulu ya ukachenjede. Mmodzi mwa iwo, Chuck Jordan, anapambana mu 1947 ndipo patapita zaka anadzakhala mkulu woyang'anira maonekedwe a magalimoto onse a kampaniyo. Apa ndi pamene mtima wanga wagona. Anthu aja sanaone chidole, anaona dzanja ndi diso zimene adzazifune mawa, ndipo anaikapo ndalama. Ifeyo tili ndi Bunda pakhomo penipeni pa Mitundu, koleji imene yakhala ikuphunzitsa zaulimi kuyambira m'ma 1960 ndipo kuchokera mu 2012 ili pansi pa LUANAR, ili ndi nthambi ya uinjiniya wa zaulimi. Tili ndi TEVETA kuyambira 1999. M'masukulu a pulaimale muli phunziro la Expressive Arts. Nyumba zonsezi zilipo. Chimene ndikulakalaka ndi kanjira kochoka pa mwana wa pulayala uja kukafika pa zitseko zimenezi, asanakhumudwe n'kutaya waya.

Kodi mumadziwa kuti William Kamkwamba asanapange makina ake amphepo ankapanga malole a zidole? Mnyamata wa ku Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu, amene anaunikira nyumba ya makolo ake ndi makina opangidwa ndi zotayidwa ali ndi zaka 14, amafotokoza m'buku lake la mu 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, kuti iye ndi anzake ankatola mapaketi a Chibuku n'kupanga malole. Filimu ya moyo wake, imene anatsogolera Chiwetel Ejiofor, inatuluka mu 2019. Manja amene anamanga nsanja ya makina amphepo aja sanayambire pa nsanjapo.

Kodi mumadziwa kuti munthu woyamba kuyenda ulendo wautali pa galimoto anali mzimayi? Mu Ogasiti 1888 Bertha Benz anatenga galimoto imene mwamuna wake Carl Benz anapanga, n'kuyenda makilomita oposa 100 kuchokera ku Mannheim kupita ku Pforzheim pamodzi ndi ana ake awiri. Panjira paipi ya mafuta itatsekeka anaitokosa ndi phini wa chipewa chake. Ndanena izi chifukwa cha atsikana athu. Mtsikana akatola waya amamva kuti "zimenezo n'za anyamata", pomwe zala zomwezo zimaluka tsitsi ndi nkhata mwaluso loposa. Msiyeni apinde.

Kodi mumadziwa kuti galimoto inalowa ngakhale m'bwalo la Gule Wamkulu? Pakati pa zilombo zimene zimatuluka ku dambwe, pambali pa Kasiyamaliro, Chimkoko ndi Njovu, palinso Galimoto. Makolo ataona chinthu chachilendo chikudutsa m'midzi mwawo, chobweretsa katundu komanso chotenga ana awo kupita nawo kutali, sanangochiyang'ana, anachipatsa malo pabwalo. Za mkati mwake ndi za eni ake, ndipo ndisiyira pomwepa. Wofuna kudziwa zambiri mwaulemu apite ku Mua, ku KuNgoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse mu 2005.

Popita ku Mua komweko, mukapatuka pa M1 kupitirira Dedza n'kuyamba kutsetsereka msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, mudzapeza amisiri akugulitsa timagalimoto tamatabwa m'mbali mwa msewu: ma Land Rover a zitseko zotseguka, mathirakitala, njinga, ndege. Awa ndi akuluakulu, ndipo amadyetsa mabanja ndi luso limeneli. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town nakonso, pa maloboti ndi m'misika ya alendo, ogulitsa zinthu zamawaya ndi mikanda ambiri ndi obwera kuchokera kumpoto kwa Limpopo, makamaka a ku Zimbabwe. Ndipo m'tauni yaing'ono ya Philipstown, ku Northern Cape, anakhazikitsa mpikisano wa ana wothamanga ndi magalimoto a mawaya m'misewu ya m'tauniyo, umene umakoka alendo ochokera kutali.

Kodi mumadziwa kuti guluu wa timagalimoto tapulasitiki kwenikweni samata, koma amasungunula? Pulasitiki yake ndi ya mtundu wa polystyrene, ndipo mankhwala aja amafewetsa mbali ziwiri zimene zakhudzana mpaka zisanduke chinthu chimodzi, monga achitira wowotcherera zitsulo pa Mitundu. N'chifukwa chake kadontho kamodzi kakakudontherani pa chitseko, kenaka n'kugwirapo, chidindo cha chala chanu chimatsala pomwepo mpaka kale. Pamalo popentedwa sagwira, muyambe mwapala. Supagulu wa m'magolosale amagwira chitsulo ndi pulasitiki yomwe, koma mpweya wake umayeretsa magalasi ngati nkhungu. Pa mawindo odziwa amagwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala, amene akauma amaonekera. Wodula mawindo ku botolo la madzi kuti aike pa minibasi yake ya mawaya asunge zimenezi.

Kodi mumadziwa kuti penti wa pa galimoto yeniyeni, zigawo zake zonse pamodzi, ndi wopyapyala pafupifupi ngati pepala la m'kope? Amangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Tsono mukapaka kagalimoto ka 1:24 penti wokhuthala, mizere ya zitseko ndi zogwirira zimamira, kagalimoto n'kumaoneka ngati kanyowa. Lamulo la odziwa ndi ili: tsukani ndi sopo kuchotsa mafuta a m'manja, palani ndi sandipepa wosalala, pakani penti woyamba wogwiritsa, kenaka pakani mopyapyala kangapo, kudikira kuti aume musanabwereze. Ofuna kuti kawale amapalanso ndi sandipepa wonyowetsa wa nambala 2000 kapena kupitirira apo, n'kupukuta ndi polishi. Nambala ya sandipepa ikamakwera ndiye kuti mchenga wake ukuchepa.

Penti ali m'magulu atatu: wa madzi amene amauma msanga, wa mafuta amene amachedwa koma amasalala bwino, ndi wa thina amene ndi waukali kuposa onse. Mukapaka wa thina pamwamba pa wa mafuta, wapansiyo amakwinyika. Waukali azikhala pansi, wofatsa pamwamba. Kwa wa mawaya ndi zitini, dzimbiri liyambe lachoka, apo ayi penti adzasupuka mvula yoyamba.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Mu Okutobala, kamvuluvulu akamadutsa m'minda yopanda kanthu, fumbi limatera pa penti wosauma. Pentani m'mawa mphepo isanadzuke, mutawaza madzi pansi, ndipo mukatha vundikirani ndi katoni. M'dzinja, chinyezi chikachuluka, penti wopopera amatha kuchita mbuu. Dikirani dzuwa.

Kodi mumadziwa kuti penti wina amakhala ndi mtovu woononga ubongo wa mwana? Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'Malawi ndipo linapeza mtovu wochuluka m'zitini zambiri. A Malawi Bureau of Standards analimbitsa kalondolondo, ndipo kuyeza kwa pambuyo pake kunaonetsa kuti zinthu zasintha kwambiri. Komabe chitini chakale chotsala m'nyumba, makamaka cha chikasu kapena chofiira, musapentere chidole cha mwana amene akadaika zinthu m'kamwa. Popenta khalani panja, ndipo mwana asambe m'manja asanagwire nsima.

Kodi mumadziwa kuti ena amavutika masiku ambiri kuti kagalimoto katsopano kaoneke kakale? Amapaka dzimbiri labodza m'munsi mwa zitseko, amadetsa pa paipi ya utsi, amakanda pamene katundu amakhula. Pali amene amawaza mchere pa penti wa mtundu wa dzimbiri, n'kupaka mtundu wa galimoto pamwamba, kenaka n'kutsuka mcherewo kuti pasale timabala. Fumbi amachita kugula m'timabotolo. Ife katondo tili naye pakhomo. Musefeni pa kansalu, musakanize ndi guluu woyera wosungunula ndi madzi, mupake m'matayala ndi kunsi, mudzaona lole ya fodya yochokera m'midzi ya ku Mitundu pa ulendo wa ku Kanengo.

Pa tinthu ting'onoting'ono ndi pamene mwana wathu amaonetsa kuti amayang'anitsitsa. Chiwongolero cha mkati amachiika kumanja, chifukwa kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ngati ku Japan kumene magalimoto athu ambiri amachokera. Nambala amailemba kuyamba ndi LL, kapena DZ ngati akufuna ioneke ya ku Dedza, kapena MG ikakhala ya boma. Minibasi amaiika nambala yofiira, n'kulemba mawu a Mulungu pa galasi la kumbuyo. Ena amaika batire la tochi ndi timababu kuti madzulo iziyaka. Pa lole saiwala tenti ya jumbo ndi zingwe zake, pa Sienta saiwala katundu wotuluka ku buti.

Mwa njira imeneyi magalimoto a mawaya amasunga mbiri ya msewu. Amene anakula kale ankapinda mabasi a UTM, malole a Bedford ndi ma Peugeot 404. Stagecoach itagula UTM mu 1989, ana anayamba kufuna mizere yofiira, yaolenji ndi yabuluu. Itachoka mu 1997 kunabwera Shire Bus Lines. Lero akupinda Sienta, Probox ndi njinga zamoto za kabaza. Kukanakhala kosungira zinthu zimenezi, imodzi ya m'badwo uliwonse, tikanaona mmene maulendo a pakati pa Lilongwe ndi Dedza asinthira. Koma waya wa basi ya chaka chatha ndi amene amasanduka lole ya chaka chino.

Kodi mumadziwa kuti omanga timagalimoto ali ndi bungwe lawo la dziko lonse? Limatchedwa International Plastic Modellers' Society, linayambira ku Britain mu 1963, ndipo mwezi wa Novembala limachititsa chionetsero chachikulu ku Telford. M'mipikisano yotere mumakhala gulu lapadera la zinthu zimene munthu wapanga yekha kuyambira pachiyambi, osagula bokosi, ndipo anzake amaliona kuti ndilo lovuta. Galimoto iliyonse ya mawaya ya ku Mitundu ndi ku Nathenje ndi ya gulu limenelo.

Oweruza ake sayamba ndi kukongola. Amayamba awerama, n'kuona ngati matayala onse anayi akugunda pansi, ngati aima mowongoka, ngati mbali ya kumanja ikufanana ndi ya kumanzere, ngati palibe guluu wotayikira. Zokongoletsa zimabwera pambuyo. Mfundo zimenezi mphunzitsi wamkulu aliyense angazilembe pa bolodi lero lomwe, n'kuwonjezerapo ziwiri za kwathu kuno: galimoto ikhote mozungulira njerwa zisanu osagwa, ndiponso inyamule njerwa imodzi kuchoka pa golo ina kukafika pa inzake. Pakhale gulu la anyamata ndi atsikana a pulaimale, la a sekondale, ndi la akuluakulu amene anasiya kale koma manja akuwayabwabe. Woweruza akhale makaniko wa pa tauni ndi wophunzira mmodzi wa uinjiniya wa ku Bunda, ndipo wopambana m'gulu lililonse alandire pulayala, tepi yoyezera ndi mkombero wa waya watsopano.